Mwana akusintha maonekedwe a webusayiti ya eni: kodi walakwa?

Mayi wina andilembera kuti mwana wawo, amene walemba kumene mayeso a MSCE, amatsegula webusayiti ya banki pa laputopu n'kumasintha mtundu wa malembo ndi kukula kwa zithunzi. Akuopa kuti apolisi angamugwire, komanso akufunsa ngati zimenezi zingadzamupatse ntchito.

Mayi, mtima m'malo. Mwana wanuyo sakukhudza chilichonse cha ku banki. Chimene akugwiritsa ntchito chili kale m'mapulogalamu otsegulira intaneti monga Chrome, Firefox ndi Edge, ndipo chimatchedwa DevTools. Munthu akadina batani la F12 pa kiyibodi, kapena kudina batani lakumanja la mbewa n'kusankha Inspect, amaona malamulo a CSS (chinenero chokonzera maonekedwe a tsamba) amene akunena kuti mutu wa nkhani ukhale wofiira kapena malembo akhale akuluakulu. Akasintha nambala imodzi, tsamba limasintha nthawi yomweyo, koma pa kompyuta yake yokha. Akalitsegulanso, zonse zimabwerera mwakale.

Njira imeneyi ndi imene anthu ambiri opanga mawebusayiti amaphunzirira. Firebug, pulogalamu yofanana ndi DevTools imene katswiri wina dzina lake Joe Hewitt anatulutsa mu 2006, ndiyo inazolowetsa anthu kuona ndi maso zimene akusintha m'malo mongolota. Ndipo kwa ife amene intaneti timagula ya mabandulo, ubwino wake ndi woti tsamba likatseguka, mwana akhoza kuzimitsa data n'kupitiriza kuyeserera.

Nkhawa yanga ili pena. Ana ambiri amathera pa kusintha mitundu basi. Muuzeni kuti chilichonse chimene wasintha n'kuchikonda, achilembe mu fayilo yakeyake ya CSS. Adziwe kusiyana kwa margin (mpata wa kunja kwa malire a chinthu) ndi padding (mpata wa mkati mwa malirewo), chifukwa malo a pakati pa zinthu ndi amene amasokoneza oyamba kumene. Azidinanso Ctrl+Shift+M kuti aone mmene tsamba likuonekera pa foni, poti makasitomala ake ambiri adzalitsegulira pa foni. Maphunziro aulere alipo pa mawebusayiti a MDN Web Docs ndi freeCodeCamp.

Chimodzi chokha mumuchenjeze mwamphamvu: pali ena amene amasintha manambala pa tsamba n'kujambula chithunzi chonamiza kuti alipira ndalama. Kumeneko ndiye kuba, ndipo mlandu wake ndi weniweni.

Za ntchito, DevTools payokha siingamulembetse. Ngati zotsatira za mayeso zituluka bwino, makamaka masamu, afunsire maphunziro a kompyuta ku MUBAS, MUST kapena UNIMA. Podikira, apange webusayiti ya tsamba limodzi ya tchalitchi chanu kapena ya telala wa pamsika, yokhala ndi mitengo, zithunzi ndi nthawi yotsegulira. Mupempheni akusonyezeni pa foni yanu ikatha.