Kodi mantha a imvi tinawatenga kuti?

Mayi wina wa zaka 41 wandilembera pa imelo kuti atangoona imvi zoyamba anathamangira kukagula dayi, ndipo masiku ano satumiza chithunzi chake kwa aliyense asanafafanize makwinya pa foni. Akufunsa ngati mantha a ukalambawa ali athu enieni kapena tinawatengera kwa azungu.

Achemwali, palibe mtundu umene umakondwera ndi kutha kwa mphamvu, koma maganizo akuti imvi ndi makwinya pa nkhope ya mkazi ndi chilema chofunika mankhwala anakulira m'maiko a azungu, ndipo amene anawalera ndi amalonda. Mu 1956 kampani ya Clairol ya ku America inayamba kugulitsa dayi woti mkazi adzipake yekha kunyumba, ndipo pootsatsa inkalonjeza kuti palibe adzadziwe kupatula womukonza tsitsi, zomwe zinaphunzitsa akazi ambiri kuti imvi ndi chinsinsi chochititsa manyazi. Mu 2002 boma la dziko lomwelo linaloleza jakisoni wa Botox pochotsa makwinya a pakati pa nsidze. Mankhwalawa amafooketsa minofu ya pankhope kwa miyezi itatu kapena inayi yokha, kotero amene wayamba amabwererabwerera ndi ndalama m'manja.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mtolowu sasenzetsa onse mofanana. Mlembi wa ku America, Susan Sontag, analemba kale mu 1972 kuti kumeneko mwamuna akamera imvi amaoneka wolemekezeka, pomwe mkazi wa msinkhu womwewo amayesedwa wotha ntchito, chifukwa ulemerero wake wonse anaumangirira pa nkhope ya utsikana. Zinthu zikakhala chomwecho, tsiku lililonse lobadwa limasanduka chiweruzo. Maganizowa anatipeza kudzera m'mafilimu ndi m'magazini, ndipo lero Instagram ndi TikTok zimationetsa nkhope zosalazidwa ndi kompyuta mpaka yathu yeniyeni tikuiona yachilendo.

Kwathu kuno mkazi ankakwera ulemu akamakula. Nankungwi sakhala mtsikana; ndi mayi amene waona zambiri, ndipo ndiye amalangiza anamwali. Pakati pa Achewa, kumene mtundu umatsata kuchikazi, agogo aakazi ndiwo tsinde la mbumba, ndipo nkhani ya munda kapena ya ufumu siitha iwo asanalankhule. Kutchedwa agogo unali udindo woukhumbira, osati chipongwe.

Komabe sindikufuna kukunamizani kuti zoipa zonse zinachokera kutsidya kwa nyanja. Ndi m'midzi mwathu momwe amayi okalamba amanamiziridwa ufiti, ndipo ambiri tikukumbukira okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu 2016 mphenzi itapha mtsikana wa m'banja lawo. Abambo osiya mkazi amene anavutika naye n'kukakwatira wamng'ono sanaphunzire zimenezo ku Hollywood. Malonda akunja anapeza chilonda chilipo kale, n'kuchikulitsa.

Za dayiyo sindikukuletsani, chifukwa tsitsi ndi lanu ndipo kudzikongoletsa si tchimo. Chokhacho ndikukupemphani n'chakuti musamale ndi mafuta oyeretsa khungu amene ogulitsa ena amati amachotsanso makwinya, pakuti ena mwa iwo amakhala ndi mercury, yemwe amaononga impso, kapena ma steroid amene amapyapyaletsa khungu mpaka kumang'ambika. Ndipo mwana wanu wamkazi akakupezani pa galasi, musamanyoze nkhope yanu iye akumva, chifukwa ndi nkhope yomweyo imene iye adzakhale nayo akadzafika msinkhu wanu.