Za geni ya galimoto ndi cluster ya Hiace yanu ija

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri. Mukufuna kudziwa mmene geni yoitanitsa galimoto kunja imayendera, poti kupikula kachewere ku Tsangano kwakukwanani ndipo kampamba kaunjikana. Kenako pali Hiace mwayambira ija. Mwati cluster yake, bolodi la mamita lokhala kuseri kwa chiwongolero, inazima ikuwerenga 193,000 km, ndipo kwa ogulitsa masipeyala ku Lilongwe mwapezako ina yowerenga 118,000 km. Anzanu akuti ingomangani basi, phindu labwera lokha pakhomo. Ndiyankha zonse pamodzi chifukwa zagwirana miyendo.

Ulendo wa galimoto ndi wosavuta kufotokoza. Ma Sienta, ma Probox, ma Vitz ndi ma Hiace adzaza mu M1 wa ambiri ndi a ku Japan. Mumasankha pa intaneti kumakampani monga BE FORWARD kapena SBT, kapena kudzera mwa munthu amene amalowa nawo m'maokushoni a kumeneko, n'kulipira madola kudzera ku banki. Masiku ano thukuta limatulukira pomwepo, pa dola. Sitima ikatsitsa ku Dar es Salaam, galimoto imayendetsedwa n'kulowa pa Songwe. Ikatsitsa ku Durban, imadzera pa Beitbridge ndi Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa pa Mwanza kapena kwathu kuno pa Dedza, moyang'anizana ndi Calomue ya ku Mozambique. Pa boda mumafuna ejenti wodziwika, wokhala ndi ofesi yoti mungakamupeze mawa, osati dobadoba wokuthamangirani pawindo. A MRA amawerengera msonkho poyang'ana kwambiri zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndiye muziwerengeratu musanalipire ku Japan, chifukwa galimoto yotchipa pa intaneti imatha kudzadula pa boda. Zikatero ndi za apolisi a Interpol, Road Traffic, COF ndi inshuwalansi.

Zimenezi muzidziwa m'maulendo oyamba omwewo. Chimene anthu amachedwa kuchimvetsa n'choti geni imeneyi ndi ya mapepala kuposa zitsulo, ndipo nambala ya makilomita imalembedwa m'malo ambiri kuposa pagalasi lili patsogolo pa dalaivala.

Ku Japan galimoto imayesedwa mwalamulo, iwo amati shaken. Yabanja yatsopano imayesedwa pakatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo zamalonda zambiri chaka ndi chaka. Kuyambira mu 2004 woyesayo amalembanso makilomita pa chikalata cha galimoto. N'chifukwa chake export certificate imene imabwera ndi galimoto yanu imakhala ndi makilomita a kuyesedwa kuwiri kotsiriza pamodzi ndi masiku ake. Itulutseni ya Hiace yanu muione. Masikuwo asakusokonezeni, amawerengedwa potsata ufumu wa kumeneko: mukaona H onjezani 1988, mukaona R onjezani 2018. H25 ndi 2013, R3 ndi 2021. Ngati pepalalo likuti galimoto inali itadutsa kale 170,000 isanakwere sitima, inu mudzauza chiyani wogula amene akuona 118,000 patsogolo pake? Ogula a masiku ano ena amatumiza nambala ya chasisi pa foni kwa anthu amene amafufuza mbiri ya ku okushoni, yankho n'kubwera musanamalize n'komwe kukambirana mtengo. Palinso mabungwe monga JEVIC amene amayesa mita galimoto isanachoke ku Japan n'kupereka satifiketi.

Ku okushoni nkhani ya mita saitenga mwachibwana. Pa auction sheet, pepala la ku okushoni lofotokoza mmene galimoto ilili, pafupi ndi makilomita, pamatha kukhala kachizindikiro. Ka dola, $, kamatanthauza kuti mita inasinthidwa koma umboni wa nambala yakale ndi yatsopano ulipo. Kanyenyezi, *, ndiye kuti mita inaseweretsedwa. Ka # ndiye kuti palibe akudziwa makilomita enieni. Taonani bwino: kusintha cluster kumeneko si mlandu, ali nako ndi chizindikiro chake chomwe. Chimene chimagwetsa mtengo ndi kusintha mopanda umboni. Ine ndikaona kanyenyezi ndimangodutsa, ngakhale galimoto ikhale yonyezimira bwanji.

Tsopano tibwere pa Hiace yanu. Pa ma Toyota ambiri a zaka zimenezi, nambala ya makilomita imasungidwa mu cluster momwemo, m'kachipu ka miyendo isanu ndi itatu kochepa ngati njere ya nyemba, kolembedwa manambala monga 93C46, 93C56 kapena 93C66 pamsana. Mukamanga cluster ya galimoto ina, mwamanganso mbiri ya galimoto inayo. Injini yanu, giyabokosi ndi mabeyaringi zikhala za 193,000, galasi likunena za mwini wake wina amene simukumudziwa. Kusiyana kwake ndi 75,000 km. Kuchokera pano kupita ku Lilongwe n'kubwerako sikukwana 200 km, ndiye werengani nokha kuti ndi maulendo angati afufutidwa.

Anzanu aja akuona ndalama zokha. Ine ndikuona lamba. Ma Hiace a dizilo a injini za 2KD ndi 1KD, ngakhalenso akale a 5L, amayendera timing belt, lamba wa mu injini woyendetsa mavalavu mogwirizana ndi mapisitoni, ndipo pa cluster pali kanyali kolembedwa T-BELT kamene kamayaka kukumbutsa kuti lamba watha nthawi, pa 100,000 km kapena 150,000 km malingana ndi mtundu wa galimoto. Kanyali kameneka sikaona lambayo, kamangowerenga makilomita a mu cluster. Tsegulani mpando wa kutsogolo muyang'ane pa chivundikiro cha injini kapena pamphepete pa chitseko. A ku Japan amakonda kumata kapepala kolembedwa tsiku ndi makilomita amene anasinthira lamba. Tinene kuti wanu ndi wa 100,000 km ndipo anasinthidwa pa 100,000. Ndiye kuti watsala ndi 7,000 km yokha. Mukamanga cluster ya 118,000 osakonza nambala, wogula adzakhala phee kudikira kuti ifike 200,000, pamene galimoto idzakhala itayenda 275,000. Lambayo sadzafikako. Adzaduka minibasi itadzaza anthu ndi madengu a tomato wa pa Lizulu, kapena ikukwera Khwekhwelele kuchokera ku Golomoti, ndipo akaduka pa injini zimenezi mavalavu amagundana ndi mapisitoni. Mwini wake adzagwetsa injini yonse. Makaniko woyamba kuitsegula adzamuuza kuti bwana, galimoto iyi siyayenda makilomita akuonekawa ayi, ndipo Dedza ndi yaing'ono. Munthu amene mwamugulitsa galimoto mumakumana naye ku banki, kumaliro, kutchalitchi.

Ndiye chitani chonchi. Musanagule china chilichonse, tengani cluster yakaleyo mupite nayo kwa wamagetsi a galimoto wodziwa kugwira soda, mtovu wosungunula wolumikizira mawaya. Kawirikawiri ikazima sikuti yafa yonse. Pena ndi fyuzi, pena waya wa earth, pena pulagi yakumbuyo yakhwepa ndi mabampu a mumsewu wa fumbi, pena soda yang'ambika pa bolodi. Cluster imachoka ndi masikuluwu ochepa mukachotsa pulasitiki yozungulira, ndipo muyambe mwamasula batire. Ikadzuka, nkhani yathera pomwepo, nambala yanu yabwerera yokha.

Ikakana, kachipu kaja nthawi zambiri kamakhala kamoyo ngakhale galasi lafa. Amisiri ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre ali ndi kamakina kokhala ndi kachopanira kamene amakapanikiza pa miyendo ya chipu, n'kuwerenga zili m'katimo pa laputopu, n'kuzilemba mu cluster yatsopano. Ena amachotsa kachipu kakale ndi moto wa soda n'kukamata pa bolodi latsopano. Njira ziwirizi n'zabwino ngati ma cluster awiriwo ali ofanana nambala ya sipeyala, imene imalembedwa pa kapepala kumbuyo kwake, chifukwa m'kachipu momwemo mumakhalanso zina zoyendetsa mamita. Ya petulo pa dizilo, ya otomatiki pa manyuwo, ya ABS pa galimoto yopanda ABS, zimakupatsani muvi wa mafuta wonama kapena nyali zosazima. Kamakina kameneka ndi komweko kamene akamberembere amabwezera mayileji m'mbuyo, ndiye mmisiri akakufunsani kuti “tiike zingati bwana?” musadabwe, anazolowera. Muuzeni nambala yeniyeni, muimirire pomwepo mpaka muione ikuyaka pagalasi, muijambule pa foni pamodzi ndi nambala ya chasisi. Mufunenso lisiti lonena ntchito imene wagwira ndi tsiku lake. Ndipo mumukumbutse za T-BELT, kuti kanyali kadzayake pa nthawi ya lamba wanu.

Palinso masiku amene mwayenda cluster ili chizimire. Ngati munapita nayo ku Ntcheu kapena ku Ulongue mita isakuwerenga, makilomita amenewo galimoto inayenda ndithu. Ayerekezeni mwachilungamo muwaonjeze. Kulakwitsa mokweza sikupweteka munthu.

Mwina mmisiri wotero simumupeza, kapena mtengo wake ukuposani. Mangani cluster ya 118,000 yo, koma lembani. Kapepala kosafufutika ndi madzi kamatidwe pa chipilala cha chitseko cha dalaivala: tsiku, nambala ya cluster yakale, nambala ya yatsopano, ndi mawu oti aliyense wowerenga mita aonjeze 75,000 km. Zomwezo zilembedwe m'buku la sevisi. Ine njira imeneyi ndimaiika pambuyo, chifukwa kapepala kamamatuka ndipo galimoto ikadutsa m'manja mwa anthu awiri atatu, 75,000 ija imasowa m'njira popanda woba weniweni. Koma ikuposa kukhala chete.

Poti mukulowa geni yonse, dziwaninso kuti si galimoto zonse zili ngati Toyota. Pa ma VW ambiri a zaka za m'ma 2000, ma Golf ndi ma Polo, loko wa kiyi amakhala mu cluster momwemo. Mukamanga ya galimoto ina, injini imangolira pang'ono n'kuzima mpaka kiyi ndi cluster zitagwirizanitsidwa pa kompyuta. Ma BMW amasunga makilomita m'malo oposa amodzi, ndipo cluster yachilendo imayatsa kadontho pafupi ndi nambala, amene akudziwa amakaona asanakhale n'komwe pampando bwinobwino. Za ku England zimawerenga mamailosi. Mailosi imodzi ndi 1.609 km, kotero galimoto yoonetsa 100,000 yayenda pafupifupi 161,000 km, ndipo woika cluster ya makilomita m'galimoto yotero ayenera kuchita samu imeneyi asanalembe nambala. Pali ogulitsa amene amangosiya wogula aganize kuti mamailosiwo ndi makilomita, iwo n'kumati sananame. Ananama.

Inunso mukamagula, maso anu asathere pagalasi. Gwadani muone labala wa pa buleki ndi pa klatchi. Gwirani chiwongolero pamene dzanja limakhala, muone ngati chasalala mpaka kunyezimira. Mpando wa dalaivala mbali yotsikira ukakhala wophwa, giya itafufutika manambala, koma mita ikuti 60,000, pali wina wadutsapo. Yang'anani mitu ya masikuluwu a cluster ngati ili ndi zipsera za sikuludilaiva. Pa galimoto zakale za manambala ogudubuzika, manambala akakhala osalingana mzere, wina pamwamba wina pansi, dziwani kuti munalowa zala. Ndipo galimoto yobwera choyendetsa kuchokera ku Dar iyenera kufika pano itaonjeza makilomita oposa 1,500 pa nambala ya ku Japan. Ikafika ndi nambala yomweyo ya pa intaneti, kapena yocheperapo, funsani dalaivala mafunso musanamupatse ndalama yake yotsala.

Za mtengo, sindikunamizani, Hiace ya 193,000 mudzaigulitsa motsikirapo kuposa ya 118,000. Koma a minibasi odziwa ntchito saopa nambala imeneyo pa injini ya dizilo ya Toyota yosamalidwa. Amaopa galimoto imene sakudziwa mbiri yake. Kunamiza wogula pa chinthu chimene mukugulitsa ndi nkhani yoti itha kukafika kupolisi kapena ku CFTC, bungwe loona za chilungamo pa malonda, ndipo kubweza ndalama mutazidya kale ndi chinthu chimene chagwetsa anthu ambiri a mpamba wochepa. Mukadzamalemba kalata yogulitsirana, ikanimo mzere wonena kuti cluster inasinthidwa tsiku lakuti pa makilomita akuti, wogula ndi mboni asainire. Cluster yakaleyo musaitaye kapena kuigulitsa kwa a masipeyala, ikulungeni m'pepala la pulasitiki mudzampatse wogula pamodzi ndi export certificate. Lamba uja musintheni panopa, pamodzi ndi tenshona yake yomukunga, ndalama yake muiphatikize pa mtengo wa galimoto, ndipo lisiti lake likhale pamwamba pa mapepala enawo.