Sikuti injini ikalira ndiye kuti yayamba kunoka

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa kabaza ku Mponela. Akuti njinga yamoto ya abwana ake yomwe amayendetsa yayamba kulira kuti tiki-tiki-tiki m'mamawa, ikatentha kulirako kumachepa, ndipo makaniko wamuuza kuti injini yonse itsegulidwe isananoke. Akufunsa ngati avomere. Achimwene, imelo yanu ndinaiwerenga kawiri, chifukwa kulira komweko kunandiyendetsapo wapansi ndikukankha njinga dzuwa lili paliwombo.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku Ntcheu, ndipo kawiri pa sabata ndinkakwera mseu wa ku Tsangano. Njinga yanga inali ya 125 ya ku China, ya injini yotengera Honda CG125. Tsiku lina inayamba kulira kumutu, kulira kopepuka ngati makina osokera. Ndinapita nayo kwa makaniko wina pa tauni, yemwe sindimutchula. Sanadikire kuti injini izizire. Anatsegula chivundikiro chapamwamba, n'kumanga matapeti (tizitsulo tokankha mavalavu) ndi sipanala mongoyerekeza, kenako anailiza. Zii! Phokoso lonse linatha. Ndinamulipira ndi mtima woyera, ndinamuonjezera ndi ya Fanta.

Patatha masabata atatu njinga inayamba kuvuta poiliza. Ikatentha inkafooka, pamtunda inkangodzithimitsa. Tsiku lomwe inandithera, ndinali nditanyamula thumba la mbatatesi la mayi wina yemwe ndinamupeza panjira, ndipo tonse awiri tinatsika n'kumakankha. Mutu wa injini utachotsedwa, valavu ya ku ekizozi (kachitseko kotulutsira utsi) inali itapsa, m'mphepete mwake mutanyenyeka ngati mwaluma khoswe. Valavu ija ndinaisunga m'kabati zaka zambiri.

Chomwe chinachitika n'chosavuta kumva. Pakati pa valavu ndi kachitsulo koikankha pamayenera kukhala kampata, chifukwa chitsulo chikatentha chimatalika. Pa CG125 mpatawo ndi 0.08 mm injini ili yozizira, pafupifupi kuchindikala kwa pepala la m'kope. Mpata ukakula, mumamva tiki-tiki. Ukatheratu, valavu siikhala bwino pampando pake, ndipo poti imazizira pokhudza mpandowo, moto umaidya pang'onopang'ono. Ndiye kuti munthu uja anandichotsera phokoso losaopsa n'kundiikira matenda osalira. Mpaka lero ndikaona makaniko akukhudza matapeti alibe fila geji (tizitsulo topyapyala toyezera mpata) m'manja, mtima umandiwawa.

Malume anga, omwe anatisiya kale, ankakonza injini za chigayo za Lister, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kumvetsera, ngakhale ndinachedwa kuwamvera. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kuigunditsa pa injini, chogwirira n'kuchitsamiritsa pakhutu, maso atatsinzina. Ankasuntha pang'onopang'ono kuyambira kumutu mpaka kunsi, osayankhula, mwini chigayo ataima pambali ndi nkhawa. Akamaliza ankaloza ndi chala malo amodzi. Sindinawaonepo akumasula bawuti asanamvetsere. Masiku ano munthu amangomva njinga ikulowa pa garaja, ali chikhalire pa tayala, n'kunena kuti "imeneyo ndi ya ovaholo", kutanthauza kuphwasula injini yonse.

Ndinene poyera: makaniko wotchula ovaholo asanamvetsere, asanaone oyilo, akufuna ndalama zanu. Woipa kwambiri ndi uja amathira oyilo wokhuthala kuti abise kugogoda kwa konirodi (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi shafuti yozungulira ya kunsi, kirankishafuti), makamaka njinga ikamapita kukagulitsidwa. Kumeneko ndi kuba. Koma nawonso eni njinga asazembe. Munthu amafuna tageti yake madzulo aliwonse osaphonya, koma ukamuuza za oyilo amati "tiona mwezi ukatha". Injini zimenezi zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi basi. Zimazizira ndi mphepo ndi oyilo yemweyo, ndipo oyiloyo ndi amene akusamalanso kilatchi ndi magiya. Njinga yonyamula anthu awiri ndi thumba la fetereza tsiku lonse m'fumbi la Okutobala singayende ndi oyilo wa miyezi itatu. Ikanoka, mlandu umagwera mnyamata woyendetsa, yemwe ngakhale ndalama yogulira pulagi alibe. Zimenezi zimandipsetsa mtima.

Ndisaiwale za petulo wa m'zigubu. Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni tonse timagula, sindikuweruza munthu. Koma ena amasakaniza ndi palafini, ndipo injini imayamba kulira ngati mwaponya timiyala m'chitini, makamaka pokwera mtunda muli pa giya yaikulu. Apo mafuta akuphulika mosalongosoka m'silinda, ndipo mukakakamira amatha kuboola pisitoni. Tsitsani giya, ndipo mukapeza petulo wabwino mumvetserenso.

Phokoso likuchokera pati, ndipo limabwera liti?

Mafunso awiri amenewa ndiwo amasiyanitsa matenda. Kulira kopepuka kochokera kumutu, kothamanga mofanana ndi injini, kawirikawiri ndi matapeti. Koma yang'anani kaye pomwe paipi ya ekizozi yalumikizana ndi mutu: gasiketi ikatha pamenepo imalira mofanana, ndipo mumaona mwaye wakuda m'mbali mwake. Njinga ngati Bajaj Boxer ili ndi tcheni cha taiming'i m'kati, ndipo chikakhwepa chimachita waya-waya mbali imodzi ya silinda, makamaka injini ikamalira payokha musanaponde giya. Injini zotengera CG125 zilibe tcheni chimenechi, choncho wina akakuuzani kuti mugule tcheni cha taiming'i cha injini yotero, nyamulani njinga yanu muzipita. Pisitoni yomwe yayamba kuchepa m'silinda imagogoda chapakatikati injini ili yozizira, n'kuchepa ikatentha, ndipo nthawi zambiri imabwera ndi utsi wabuluu komanso oyilo wotha msanga.

Kulira koopsa ndi kwa kunsi. Kumakhala kolemera, go-go-go, ngati munthu akumenya chitsulo ndi hamala m'kati mwa mtsuko. Sikutha injini ikatentha, kumakula mukakoka moto kapena mukanyamula katundu. Imeneyo ndi bering'i ya konirodi kapena ya kirankishafuti. Mukamva kotero thimitsani pompo, ngakhale pasenjala adandaule. Mukakhuthula oyilo m'chitini choyera n'kumuyang'ana padzuwa, mudzaona tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa kunyanja.

Tsopano zanu, achimwene. Kulira kopepuka kwa m'mamawa, kochepa injini ikatentha, sikufanana ndi konirodi. Musavomere kutsegula injini yonse. Mawa musanailize, imikani njinga mowongoka muone mlingo wa oyilo ndi mtundu wake. Ilizeni, mumvetsere ndi sikuludiraiva kumutu, pasilinda ndi kunsi, koma musamale ndi paipi yotentha. Ngati phokoso lili kumutu, pezani makaniko wokhala ndi fila geji, njinga igone komweko kuti aichune m'mawa ili yozizira, motsatira mpata wolembedwa m'buku la njingayo. Ndi ntchito yosakwana ola. Ikalirabe pang'ono pambuyo pake, isiyeni choncho. Abwana anu muwaitane adzaimirire pomwepo, mukhuthule oyilo aone okha akutuluka, ndipo ngati muli tizitsulo mundilembere msanga musanaiyendetsenso.