Tifunseni: Ndili ndi masiku atatu okha ku Egypt, ndikaone chani?

Azakhali, ine ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Ngabu ndipo akuntchito andisankha kupita ku maphunziro a ulimi wothirira ku Cairo mwezi wa Febuluwale. Tikamaliza patsala masiku atatu tisanakwere ndege yobwerera. Anzanga akuti tizikangozungulira m'mashopu koma ine chiyambire ku pulayimale ndimalakalaka nditaona akachisi ndi manda a mafumu aja. Kodi masiku atatu angakwane? Chinanso apongozi anga akuti munthu salowa m'manda a eni popanda mwambo, amabwerako ndi tsoka. Ndithandizeni.
Mayi wa ku Ngabu, Chikwawa

Zikomo mayi potilembera, mashopuwo asiyireni anzanuwo. Masiku atatu akwana ndithu bola musakhale ndi mtima wofuna kuona zonse, chifukwa dziko lija ndi lalitali motsata mtsinje ndipo mukati muthamangire uku ndi uku masiku onse athera pa mpando wa basi. Mapiramidi a ku Giza ali pafupi ndi Cairo pomwepo, amenewo mukhoza kukawaona Lachisanu poti kumeneko ndi tsiku lopuma. Koma akachisi ndi manda mukunenawo ali ku Luxor, makilomita oposa 600 kummwera kwa Cairo. Pa ndege ndi ola limodzi basi, pa sitima ya usiku ndi maola 10 kapena kuposerapo. Ine ndinakwera sitima ndipo sindinadandaule, kutacha ndinatsegula katani n'kuona minda ya nzimbe yokhayokha, mathirakitala akukoka ngolo zodzaza nzimbe, utsi wa munda wotenthedwa uko, mpakana ndinakhala ngati ndili pa Nchalo. Musasokonezeke akamati Luxor ndi kumtunda pomwe ili kummwera, Nile amayenda kulowera kumpoto mosiyana ndi Shire wathuyu.

Tsiku loyamba khalani tsidya la kum'mawa komwe kuli tauni. Lawirirani ku Karnak dzuwa lisanakwiye komanso mabasi a alendo asanafike. Kachisi ameneyu sanamange mfumu imodzi, mafumu pafupifupi 30 ankangowonjezera aliyense chake kwa zaka pafupifupi 2,000, ndiye musadabwe kuti ndi wosokonekera ngati mudzi woti aliyense amamanga pomwe wafuna. Muli holo ina ya zipilala 134, zapakati 12 kutalika kwake ndi mamita 21, ndipo kukula kwa chimodzi n'koti anthu angapo agwirane manja kuti achizungulire, ngati mmene timachitira ndi mlambe. Mukalowamo kwezani maso muone pansi pa miyala yopingasa ija, utoto wachikasu ndi wobiriwira ukadalipo chipakireni zaka zoposa 3,000 zapitazo. Masana kagoneni, musalimbane nalo dzuwa. Madzulo pitani ku Luxor Temple akayatsa magetsi, pali msewu wa ziboliboli wa makilomita 2.7 wolumikiza akachisi awiriwa womwe anautsegulanso mu Novembala 2021. Pakhomo mupeza chipilala chosongoka chimodzi chokha, chinzake chinatengedwa n'kukaimikidwa ku Paris mu 1836. Ndipo m'kati mwa kachisi momwemo muli mzikiti wa Abu Haggag womwe anthu akupempheramo mpaka lero.

Tsiku lachiwiri wolokani Nile pa boti la anthu wamba, ndi lotchipa ndipo mumakwera ndi amayi onyamula madengu awo. Anthu akale aja ankaika maliro tsidya lolowera dzuwa. Ku Valley of the Kings kuli manda oposa 60 okumbidwa m'phiri, tikiti wamba amakulolani kulowa atatu okha ndipo a Tutankhamun ndi a Seti I ali ndi tikiti yawoyawo. Anthu ambiri amathamangira a Tutankhamun chifukwa cha dzina, zoona thupi lake lili momwemo, koma manda ake ndi aang'ono ndipo chuma chija anachipeza katswiri wofukula zakale Howard Carter mu Novembala 1922 chinapita ku Cairo kalekale. Ndalama ikakhala yochepa ine ndingati lowani a Ramesses VI, mumatsika kanjira kotalika makoma onse olembedwa mpaka kudenga, pansi penipeni denga lajambulidwa mayi wamtali wotchedwa Nut atawerama thambo lonse, akumeza dzuwa madzulo n'kulibereka m'mawa. M'katimo ndi mofunda komanso mpweya ndi wolemera, ngati muli ndi vuto la BP muziyenda pang'onopang'ono. Pochoka dzerani pa kachisi wa Hatshepsut, mzimayi yemwe analamulira ngati farao zaka pafupifupi 20. Funsani akuonetseni khoma la ulendo wa ku Punt, dziko lakutali lomwe ankachita nalo malonda, pajambulidwa nyumba zomangidwa pa nsanja zokwerera pa makwerero, inu wa kuchigwa simufunika wina kukuuzani kuti anthu amamangiranji choncho.

Koma tsiku lachitatu ndi lomwe ndikufuna mundimvetsetse. Owongolera alendo adzakukakamizani kuti muthamangire ku Aswan ndi Abu Simbel. Ndi malo okongola zedi, kachisi wa Abu Simbel anamudula zidutswazidutswa n'kumusamutsira pamtunda pakati pa 1964 ndi 1968 kuti asamire ndi madzi a damu la Aswan, koma ndi kutali, musiyireni ulendo wina. Inu bwererani tsidya lomwelo mukaone Deir el-Medina, kamudzi komwe ankakhala amisiri omwe ankakumba ndi kujambula manda a mafumu aja. Makoma a tinyumba tawo akadalipo, tothithikana, mumaona pomwe panali khitchini. Anthu amenewa malipiro awo anali tirigu ndi balere, ndipo m'chaka cha 29 cha ufumu wa Ramesses III chakudya chitachedwa anataya zida n'kukakhala pansi ku makachisi kudandaula za njala, ndi sitiraka yakale kwambiri yomwe inalembedwa. Lowani manda a Sennedjem, mmodzi wa amisiriwo, kachipinda kakang'ono chabe, muona bambo ndi mkazi wake atavala zoyera akulima ndi ng'ombe, kufesa, kukolola, munda wonse utazunguliridwa ndi ngalande za madzi. Kwa iwo kumwamba kunali dimba labwino losauma. Kenako pitani ku manda a Menna yemwe anali mlembi wa minda, ntchito yosatalikirana ndi yanuyo. Pakhoma pali anthu akuyeza munda ndi chingwe, alembi akuwerengera zokolola, ndiye pakona tiatsikana tiwiri tikukokana tsitsi polimbirana khunkha, pena mtsikana wakhala pansi mnzake akumuzula minga kuphazi. Ine pamenepo ndinaima nthawi yaitali kuposa ku manda a mfumu iliyonse, ndinakumbuka achemwali anga akundizula minga ya mthethe tikuchokera kudimba.

Ndikunena izi chifukwa ife a m'chigwa cha Shire dziko lija timalimva msanga kuposa alendo ena. Iwo ankalitcha Kemet, kutanthauza dziko lakuda, chifukwa cha matope omwe mtsinje unkasiya ukasefukira. Mvula yake imagwa kutali ku mapiri a Ethiopia, monga ife madzi amatipeza kuchokera ku Mulanje ndi Thyolo kudzera mu Ruo kuno kuli ng'aa. Chaka chawo chinali ndi nyengo zitatu, ya madzi osefukira, yodzala madzi akaphwera, ndi yokolola. Si ulimi wathu wa kudimba umenewo? Kusiyana kwake n'koti Nile ankakwera pang'onopang'ono pa nyengo yodziwika ndipo iwo anali ndi masitepe oyezera madzi kuti adziwiretu ngati kudzakhale njala, pomwe ife tinaona mu 2015 komanso pa Freddy mu Malichi 2023 madzi akubwera usiku anthu ali mtulo. Chimalizireni damu lalikulu la Aswan mu 1970 kusefukira kuja kunatha, magetsi ndi ulimi wa chaka chonse anapeza koma matope aja sakufikanso m'minda ndipo alimi amadalira feteleza. Poti mukupitira za ulimi wothirira, nkhani imeneyo mukaifunse m'kalasi.

Tsopano za apongozi anu. Musawaseke, akunena zomwe tonse tinakula nazo, kwathu kuno manda salowa chilowelowe popanda amfumu kudziwa ndipo ngakhale ku Khulubvi kwa Mbona ku Nsanje munthu sungangofika ngati pamsika, pali eni ake ndi malamulo ake. Ku Egypt eni ake pano ndi boma, ndipo tikiti yanuyo ndiye chilolezo. Mitembo ya mafumu ambiri simulinso m'mandamo, inachotsedwamo kalekale, ndipo 22 ya mafumu ndi mafumukazi anaisamutsira ku nyumba yosungira zakale ya National Museum of Egyptian Civilization ku Cairo mu Epulo 2021. Nkhani ya tsoka inabuka chifukwa Lord Carnarvon yemwe ankalipira ntchito ya Carter anamwalira mu Epulo 1923, koma chinamupha ndi bala la udzudzu lomwe analicheka pometa ndevu n'kulowa matenda. Carter mwini wake yemwe anatsegula manda aja anakhala mpaka 1939. Chomwe ndingakupempheni ndi ulemu, anali anthu amenewa, anali ndi ana owalira. Musakhudze makoma chifukwa thukuta la m'manja limawononga utoto, musamakuwe kapena kuseka mokweza, ndipo mtima ukapanda kufuna kuona mtembo musadzikakamize. Mukawafotokozera choncho apongozi anuwo ndikhulupirira amvetsa.

Za m'thumba mwachidule. Viza muyambe kuyendera msanga ku ofesi ya kazembe wa Egypt ku Lilongwe ndipo muonetsetse kuti masiku atatuwo alowamo. Malo akuluakulu ambiri tikiti amagulitsa pa khadi la banki osati kashi, ndiye ndi mavuto a ndalama zakunja alipowa kalankhuleni ndi banki yanu musananyamuke, mungakafike pageti khadi n'kukana. Sungani timapepala tating'ono ta ndalama yawo ya pound chifukwa mlonda akakuonetsani chinthu amayembekezera kangachepe, amati baksheesh. Ogulitsa ndi okakamira kuposa ma kondakitala a pa depoti, mawu oti "la, shukran" kutanthauza ayi zikomo akupulumutsani, ndipo mtengo wa takisi kapena ngolo ya hatchi muzigwirizana musanakwere. Febuluwale ndi nyengo yabwino, masana kumafunda koma usiku ndi m'mawa kumazizira ndiye juzi musaisiye. Mukatopa imwani karkade, mudabwa kuti ndi chidede chathu chomwechi.

Azakhali, pa phunziro la Baibulo tinatsutsana, ena akuti mapiramidi ndi akachisi amenewa anamanga ndi ana a Israeli ali pa ukapolo. Zoona zake ndi ziti?
Mkulu wa mpingo, Bangula

Bambo, tsegulani Eksodo 1:11, akutchula midzi yosungiramo zinthu ya Pitomu ndi Ramesesi ndipo ntchito yomwe ikunenedwa m'mutu umenewo ndi ya dothi ndi njerwa, za mapiramidi mulibemo. Mapiramidi a ku Giza ndi a miyala ndipo anamangidwa zaka pafupifupi 2,500 Yesu asanabadwe, kalekale nthawi ya Mose isanafike. Mu 1990 anapeza manda a antchito ake pafupi pomwepo, kenako malo omwe ankaphikira buledi ndi mafupa a ng'ombe zomwe ankadya, anali eni dziko ogwira ntchito mosinthana m'magulu. Koma sikuti miyala ya ku Egypt ili chete pa za Baibulo ayi. Pa khoma lina la Karnak pajambulidwa mfumu Shoshenq I ndi mndandanda wa midzi yomwe anagonjetsa ku Kanani, ndipo akatswiri ambiri amati ameneyu ndi Sisaki wa pa 1 Mafumu 14:25 yemwe anaukira Yerusalemu masiku a Rehobowamu. Palinso mwala wa mfumu Merneptah womwe katswiri wofukula zakale Flinders Petrie anaupeza ku Luxor komweko mu 1896, pamenepo ndi pomwe dzina loti Israeli linalembedwa koyamba kunja kwa Baibulo, zaka zoposa 1,200 Yesu asanabadwe. Mwalawo uli ku Cairo, ndiye mayi a ku Ngabu aja akakaupeza atijambulire, dzinalo lili m'munsi pa mzere wachiwiri kuchokera pansi.