Funsani Amakaniko: Kodi ndipale bowo la utsi pa chainsaw yanga?

FUNSO: Ndimacheka matabwa a paini cha ku Chikangawa ndi Stihl MS 381. Mnzanga akuti ndikapala ndi tupa denga la bowo lotulukira utsi mkati mwa silinda, makina adzayamba ukali ndipo ndizimaliza msanga. Kodi nzoona? Ndipale mamilimita angati? Wocheka matabwa, Mzimba.

YANKHO: Achimwene, tupayo ibwezeni kaye m'thumba. Mnzanuyo sakunama kwenikweni, koma nzeru imeneyo ndi ya anthu a mipikisano, odula chipika m'masekondi ochepa. Inu mumang'amba chipika m'litali, tcheni chili mumtengo kwa mphindi zingapo osapumira. Chofunika kwa inu ndi mphamvu yokoka, osati kulira.

Injini iyi ilibe mavavu. Pisitoni yomweyo ndi imene imatsegula ndi kutseka mabowo a m'silinda. Ikamatsika, loyamba kutseguka ndi la utsi, ndipo pa makina ambiri a msinkhu wa anuwo zimachitika kirankishafiti, chitsulo chimene pisitoni imazungulitsa, itazungulira madigiri 100 mpaka 105 kuchokera pomwe pisitoni inali pamwamba penipeni. Cha pa madigiri 120 amatseguka a m'mbali, okweza mpweya wosakanizika ndi petulo kuchokera kunsi. Kampata kapakatipo ndi nthawi yoti utsi uphwe kaye mpweya watsopano usanalowe.

Mukapala denga, bowo la utsi limatseguka msanga, moto n'kuthawa usanamalize kukankha pisitoni. Makina azilira mokweza ali m'manja, inde, anthu n'kumatembenuka. Alowetseni m'chipika chachikulu muone akufooka. Ndipo musapeputse milimita imodzi. Pisitoni ya MS 381 imayenda mamilimita 34 okha, choncho milimita imodzi pa dengapo ndi madigiri opitirira 3. Chitsulo chopalidwa sichibwezedwa. Ine sindikhudza silinda ndisanamange chimbale cha madigiri pa kirankishafiti n'kulemba manambala onse papepala.

Mabowo a m'mbaliwo ndiye asiyeni ndithu. Mukawasuzumira muona kuti sanalunjike pakati, anapendekera kukhoma lomwe lili kutali ndi bowo la utsi. Mpweya watsopano umakumana kumeneko, kukwera mpaka ku pulagi, kukhota n'kutsika ukukankhira utsi kunja, monga momwe amayi amayambira kusesa kukhoma lakumbuyo kulowera kukhomo. Njirayi anaitulukira Adolf Schnürle wa ku Germany m'zaka za m'ma 1920, ndipo njinga zamoto za DKW zinatchuka nayo. Mukasokoneza kupendekerako, kapena mbali ina ikatseguka inzake isanatseguke, petulo amangodutsa n'kutuluka wosapsa, utsi n'kutsala m'silinda. Mafuta azitha msanga, mphamvu palibe. Ngakhale mafakitale nkhaniyi inawazunguza mutu: injini za mtundu wa 2-MIX za Stihl ndi za X-Torq za Husqvarna zimatsogoza mpweya wopanda petulo kuti wotayikayo ukhale umenewo.

Nanga mutani? Makina ambiri obwera pa benchi langa eni ake akuti afooka amakhala kuti ekizozi yatsekeka ndi mwaye, sefa ya mpweya yadzaza utuchi, kapena tcheni chanoledwa molakwika. Pong'amba matabwa mano anoleni pa madigiri 10, osati 30 wodulira mopingasa. Apo pokha ambiri amabwerera kunkhalango akumwetulira.

Ngati mukufunabe zoonjezera, yezani mpata wa pakati pa pisitoni ndi denga la silinda. Chotsani pulagi, lowetsani waya wofewa wa soda, uja wowotcherera mawaya a wailesi, mpaka ugunde khoma, zungulizani injini ndi dzanja, kenako yezani pomwe waphwanyikapo. Gasiketi yopyapyala pansi pa silinda imachepetsa mpatawo, kompuresheni (kupanikizika kwa mpweya m'silinda) n'kukwera, ndipo imeneyi ndiye imathandiza kukoka. Mpatawo usachepere 0.5 mm. Bowo la utsi mutha kulikuza cham'mbali, denga osalikhudza, koma lisapitirire mamilimita 33 kapena 34 pa silinda yanu ya mamilimita 52. Onetsetsani kuti nsonga za maring'i sizikudutsa pabowopo, ndipo m'mphepete monse musalaze bwino, apo ayi ring'i ikodwa n'kuthyoka. Khoma la silinda linakutidwa ndi chitsulo cholimba chopyapyala kwambiri, chomwe chimasupuka tupa ikapita mwaphuma. Yambani mwaphunzirira pa silinda yakufa.

Mukasintha chilichonse, makina amafuna petulo woonjezera. Tsegulani pang'ono sikuluwu ya H pa kabureta, ndipo injini isapitirire kuzungulira ka 12,500 pa mphindi. Oyilo akhale wa 2T weniweni, mamililita 100 pa malita 5 a petulo monga a Stihl amanenera za oyilo wawo. Oyilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto, yemwe ndimamuona m'mabotolo a ocheka ena, asayandikire thanki yanu.