Pitani ku Mafia, Zanzibar idzabwera pambuyo

Achimwene, mwafunsa ngati mupite ku Zanzibar kapena ku Mafia, zilumba za ku Tanzania, kukasambira pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya, poti mwangophunzira kumene. Ine ndikuti Mafia. Ku Chole Bay, ku Mafia komweko, n'kotchingika, mafunde savuta, ndipo matanthwe ake ali m'dera lotetezedwa, nsomba zili mbwee. Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale, kufupi ndi Kilindoni, tauni yaikulu ya ku Mafia, kumabwera ma whale shark, zinsomba zamawangamawanga zosaluma munthu. Zimenezi mumaziona mukusambira pamwamba, opanda botolo.

Ku Mnemba, ku Zanzibar, n'kokongola ndithu, koma maboti amachita kuthithikana. Chilumba cha Pemba, kumpoto kwa Zanzibar, chisiyeni kaye, madzi ake amakoka mwamphamvu.

Epulo ndi Meyi kumagwa chimvula. Chonde, mukasambira pansi pa nyanja ndi botolo kangapo, dikirani maola 18 musanakwere ndege.