Kodi kungoyankha kuti "zili bwino" n'kulakwa?

Mayi wina wa ku Santhe wandilembera kalata. Alamu awo, mphunzitsi wopuma, alemba mbiri ya banja kuyambira pomwe makolo anabwera ku Kasungu kudzagwira utenanti m'maesiteti a fodya. Awatumizira pa foni kuti anenepo maganizo, koma iwo akangowerenga masamba awiri, maso amayamba kulemera. Ndiye akufunsa ngati n'kulakwa kungoyankha kuti zili bwino.

N'kulakwa ndithu, mayi, ndipo mugwidwa msanga. Munthu amene watha miyezi akulemba amazindikira yankho la amene sanawerenge. Adzangokufunsani kuti, "Nanga za agogo aja mwaziona bwanji?" Mudzasowa poyang'ana.

Za tulozo musadzide nazo. Ambirife sukulu sinatizoloweze kuwerenga chinthu chachitali. Pomwe boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, koma mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke choncho. Buku limodzi ana angapo, ena akuliona chozondoka. Tinaphunzira kukopera manotsi pa bolodi n'kuloweza kuti tikhoze mayeso. Pano foni yangowonjezera vuto: muli pakati pa ndime, uthenga wa maliro walowa, wina akufunsa mtengo wa soya, pobwerera mwaiwala pomwe munali.

Kwanu ku Kasungu komweko, ku Wimbe, William Kamkwamba anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Mabuku amene ankabwereka ku laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulayimale anali a Chingerezi chomwe sankachimva bwino. Ankadalira zithunzi, kufunsa tanthauzo la mawu, n'kubwereranso pa tsamba lomwelo mpaka anapanga makina amphepo opereka magetsi kunyumba kwawo. Anthu amakonda kukamba za makinawo. Ine chimandigwira mtima ndi kubwererabwerera kuja. Sankawerenga mothamanga.

Inunso musalimbane ndi kumaliza tsiku limodzi. Ngati mungathe, kasindikizeni pa pepala pa tauni, chifukwa pa pepala mumatha kulemba m'mbali. Zikavuta, thimitsani data, muwerenge mutu umodzi m'mawa musanatope ndi za kumunda. Kapena mwana akuwerengereni mokweza madzulo. Mbiri ya banja imakoma kuimva ndi khutu, ndipo apongozi akakhala pafupi adzayamba kutsutsa zaka ndi mayina, zomwe ndi phindu kwa wolembayo.

Chachikulu, musayankhe musanafike kumapeto. Chimene mukufuna kudandaula pa tsamba lachitatu mwina achilongosola pa tsamba lakhumi. Alimi a fodya wa kontirakiti amazidziwa izi: amene anangomva za feteleza ndi mbewu za ngongole osawerenga za ndalama zomwe adzadulidwe pobweza ngongoleyo, amakadzidzimukira pa pepala la malonda a ku msika wa fodya wa Chinkhoma. Alamu anu akayamba kufulumiza, auzeni zoona: "Alamu, ndafika pomwe agogo anachoka pa esiteti, ndipatseni sabata." Zimenezo n'zaulemu kuposa kuyamikira kwabodza.

Poyankhapo, lozani malo enieni. Nenani ndime imene yakusangalatsani ndi chifukwa chake, kenaka pamene munasokonezeka. Kwa munthu wamkulu, komanso mlamu, funso limayenda bwino kuposa chigamulo: "Kodi apa mukunena amalume aakulu kapena aang'ono?" Zolakwika za kalembedwe zisungeni kumapeto, makamaka poti ndi aphunzitsi, angayambe kukukumbutsani malamulo a Chichewa mpaka dzuwa kulowa. Ndipo ngati alemba nkhani imene ingapweteke achibale amoyo, monga ya malire a munda kapena ya ukwati umene unatha moipa, musailembe pa foni. Pitani mukakhale nawo awiri, ena onse asanaione.